Mawu a pabwato akutisokoneza: tilembe bwanji?

Mlembi wa ku Chinamwali

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tikukonza kabuku ka malangizo ka anthu oyendetsa maboti ndi okwera pa Nyanja ya Chilwa, makamaka njira ya Kachulu kupita ku Chisi. Tikufuna kakhale ka Chichewa chomveka, koma mawu a pamadzi atizunguza mutu. Wina akulemba "bwato langa", wina "bwato wanga", ndipo agogo ena akuti cholondola ndi "bwato bwanga". Kodi bwato, boti, ngalawa ndi chombo n'chinthu chimodzi? Munthu amakhala panyanja kapena m'nyanja? Nanga mawu a m'mabuku a Chingerezi monga port, starboard ndi knot tiwatani, tiwasiye momwemo kapena tiwapezere athu? Mutithandizenso mawu a thanga, poti tikufuna tsamba limodzi likhale la oyenda ndi mphepo.

Aphunzitsi a ku Domasi

Achimwene, ntchito mwayambayi ndi yofunika. Ndiyambe ndi bwato, poti ndi pamene pali mkangano.

Mwa chibadwa chake dzinali ndi la gulu la U-Ma, limodzi ndi uta, ulalo ndi ulendo. Bw- wa kumayambiriroyo ndi bu- wakale amene anatsalira m'mawu ochepa, monga bowa. Choncho agogowo sakulakwa: "bwato bwanga" ndi kayankhulidwe kakale. "Bwato wanga ukuchucha" ndiko kutsata gulu la U-Ma monga liliri lero. "Bwato langa" kwabwera chifukwa ambiri ndi mabwato, ndiye anthu analikokera ku gulu la Li-Ma, komanso mnzake boti ali komweko. Pa wailesi ndi m'nyuzipepala chimene chimamveka kwambiri masiku ano ndi "bwato lomwe anakwera". Ine ndikadalemba la- ndi li- m'kabuku konse, chifukwa ndi zimene owerenga anu anazolowera. Cholakwika chenicheni ndi kusakaniza m'chiganizo chimodzi, monga "bwato langa wamira" kapena "bwato uja linasweka". Sankhani njira imodzi, muitsate mpaka tsamba lomaliza.

Mayina enawo alibe mkangano, koma anthu amapunthwabe pa agwirizanitsi. Boti ndi langa, ambiri ndi maboti. Ngalawa ndi yanga, zambiri ndi ngalawa zanga. Nkhafi chimodzimodzi: nkhafi yathyoka, nkhafi ziwiri. Nangula ndiye amapusitsa ambiri chifukwa amayamba ndi n-, ndiye amamuika pamodzi ndi nkhafi n'kulemba "nangula yagwira". Ayi. Nangula ali m'gulu la Mu-A ngati galu: nangula wagwira, nangula wathu, anangula awiri. Thanga ambiri ndi matanga, h uja amagwa monga thumba ndi matumba, phiri ndi mapiri. Phondo, nsungwi yokankhira bwato ija, ambiri ndi mapondo pa chifukwa chomwecho. Mlongoti ambiri ndi milongoti, ndipo sulembedwa ndi kachizindikiro pambuyo pa m. Kachizindikiroko kamabwera pamene mu wafupikitsidwa: m'bwato, m'madzi, m'matope. Dzina likayamba kale ndi m wa gulu la Mu-Mi, mu amalembedwa wathunthu: mumtsinje.

Pa matanthauzo, bwato ndi losema kuchokera ku mtengo umodzi. Boti ndi lokhoma ndi matabwa kapena loumba ku fakitale, likhale ndi injini kapena ayi. N'chifukwa chake timati kusema bwato koma kukhoma boti. Ngalawa ndi mawu okuta zonse, ndipo amamveka kwambiri m'mabuku ndi kutchalitchi kusiyana ndi padoko. Chombo ndi sitima yapamadzi ndi zazikulu zonyamula anthu ndi katundu maulendo ataliatali, monga Ilala imene yakhala ikuyenda pa Nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Pa Chilwa mulemba za mabwato ndi maboti basi. Musalembe "bwato" paliponse pofuna kuoneka odziwa Chichewa, chifukwa lamulo la chiwerengero cha anthu okwera boti la injini silingafanane ndi la bwato losema, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti mukunena chiti.

Tsopano pa, ku ndi mu. "Ali kunyanja" ndiye kuti wapita dera la kunyanja, mwina ali pamtunda akugula matemba. "Ali panyanja" ali pamwamba pa madzi, paulendo kapena akusodza. "Ali m'nyanja" ali mkati mwa madzi enieniwo. Mneni atsatire: panyanja pali mafunde, kugombe kuli bata, m'boti muli madzi. "M'boti pali madzi" ndi Chichewa chothyoka. Ndi mayina a malo, lekanitsani: ku Kachulu, pa Chisi, ku Mposa. Timakwera boti, popanda mu, monga timakwerera basi. Koma timalowa m'boti, timakhala m'boti, timatsika m'boti.

Doko ndi gombe musazisinthanitse. Gombe ndi m'mphepete monse mwa nyanja, doko ndi pamalo pamene maboti amakocheza. Mudzaona ena akulemba doko, ena dooko, ena kuwoloka, ena kuoloka. Pa zoterezi muli ndi mwayi, chifukwa Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ili konkuno ku Zomba. Kabukuko kakatha kaonetseni kumeneko.

Woyendetsa boti, Kachulu

Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma pa "m'nyanja" ndiwonjezepo. Asodzi akamati "anyamata alowa m'nyanja" sakunena kuti agwera m'madzi. Akunena kuti apita kukagwira ntchito kutali ndi gombe, mwina akagona komweko ku zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu wa m'nyanjamo. Ndiye pa nkhani ya ngozi musadalire mu yekhayo. Lembani "munthu wagwera m'madzi", ndipo mawu ofuula akhale omwewo.

Za port ndi starboard, achimwene, mawuwo asiyeni koma nzeru yake muitenge. Nzeru yake ndi yakuti mbali ndi za boti, si za munthu. Kumanzere kwa boti ndi kumanzere kwa munthu amene wayang'ana kutsogolo kwa boti, ndipo sikusintha ngakhale iye atatembenuka. Kumeneko ndiye ku port. Kumanja kwa boti ndiye ku starboard. M'boti anthu sayang'ana kumodzi. Woyendetsa ali kumbuyo wayang'ana kutsogolo, mnyamata wokapa madzi wamuyang'ana iyeyo, okwera akhala m'mbali moyang'anizana. Mukafuula kuti "sunthirani kumanzere", theka la anthu lipita uku, theka uko, kapena onse apita mbali imene yapendekeka kale. Choncho m'kabukumo mawu akhale athunthu nthawi zonse: kumanzere kwa boti, kumanja kwa boti. Kwa okwera wamba ndi bwino kuwonjezapo chinthu chooneka, monga "mbali ya ku Chisi" kapena "mbali imene kuli matumba".

Mbali ziwirizi zili ndi nyali zake pa malamulo a pamadzi a dziko lonse: yofiira kumanzere kwa boti, yobiriwira kumanja, yoyera kumbuyo. Boti laling'ono lopalasa likhale ndi tochi yoyera yoti muonetse msanga wina akamayandikira. Ndipo ichi chilembeni ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa chimasemphana ndi pamsewu. Pamsewu kuno timayenda kumanzere, koma maboti awiri a injini akakumana maso ndi maso, lililonse limakhotera kumanja kwake, n'kudutsana mbali za kumanzere. Munthu wozolowera galimoto amakhotera kolakwika.

Palinso msampha wa chogwirira. Injini ya kumbuyo ndi chiwongolero chokhala ndi mtengo wogwirira zimayenda mosemphana ndi dzanja: mukakankhira chogwirira kumanzere, boti limakhotera kumanja. Ndiye "kumanja!" akutanthauza chiyani, dzanja kapena boti? Lamulo likhale limodzi, loti mawu amanena kumene kutsogolo kwa boti kukuyenera kuloza. "Khotera kumanja" ndiye kuti boti lipite kumanja, za dzanja adziwa yekha wogwirayo. Mneni wake ndi kuwongolera boti. Kuwongola ndi kwina, n'kumene timachita ndi msomali wopindika.

Mawu a zingwe ndi amene amavulaza anthu. Kukunga ndi kukoka chingwe mpaka chilimbe. Kukhwefula ndi kuchipatsa mpata pang'ono chikadali m'manja kapena pamtengo. Kumasula ndi kuchotseratu mfundo. "Taya chingwe" musalembe n'komwe, chifukwa wina amamva kuti achileke, wina amamva kuti achiponye m'madzi chonse. Ngati mukufuna chingwe chifike kwa munthu wa padoko, nenani "ponya chingwe", ndipo nsonga inayo ikhale yomanga kale kuboti. Pa injini, kuimitsa ndi kuzimitsa n'zosiyana. Munthu akagwera m'madzi n'kuyandikira kumbuyo kwa boti, mawu ndi "zimitsa injini", chifukwa chopukusa madzi chija chimadula.

Pamphepo mawu otsutsa amatayika. "Usakoke" akafika kutsogolo kwa boti amamveka "koke". Lamulani ndi mawu afupi osatsutsa: gwira, leka, koka, khala pansi. Wolandira lamulo alibwereze mokweza asanachite. Kwa okwera, ulemu wake ndi -ni basi, osachulutsa mawu: khalani pansi, gwirani apo, valani jekete.

Nangula timati kuponya, ndipo mawuwo ndi olondola pa Chichewa, koma m'malangizo lembani "tsitsani nangula". Woponyadi amakoletsa chingwe ku mwendo wake kapena ku nangula yemweyo, ndiye sagwira pansi. Yambani mwaimitsa boti litaloza kochokera mphepo, tsitsani nangula kutsogolo, osati kumbuyo kumene mafunde angalowere, kenako khwefulani chingwe pamene boti likubwerera. Kutalika kwa chingwe kukhale kasanu kuyerekeza ndi mtunda wochokera pamphepete pa boti kufika pansi. Pamadzi akuya mamita 2, boti litatalika theka la mita pamwamba pa madzi, ndiye kuti chingwe ndi mamita 12 ndi theka. Chikafupika chimakokera nangula m'mwamba, ndipo boti limayamba kukhukhuluzika. Pamalo osaya ambiri amangozika phondo m'matope n'kumangirira. Kumeneko ndi kuzika, musakutche kutsitsa nangula.

Mmalinyero wa ku Matawale

Nditengeko mbali ya thanga ndi mphepo.

Chichewa chilibe mneni mmodzi wa kuyenda ndi thanga, ndipo palibe chifukwa chomupangira. Timati kuyenda ndi thanga kapena kuyenda ndi mphepo. Thanga timalikweza, timalitsitsa, timalipinda. Mphepo ikakula timalichepetsa, kutanthauza kupinda mbali ya m'munsi n'kuimanga kuti nsalu yogwira mphepo ichepe. Limeneli ndi liwu lofunika, chifukwa thanga liyenera kuchepetsedwa mphepo isanafike pachimake. Ikafika, mnyamata sangaimirire kuti amange.

Ziwalo zitchuleni ndi ntchito zake. Mlongoti ndi mtengo woimirira. Mtengo wopingasa umene umagwira thanga m'munsi ungotchedwa mtanda wa thanga. Zingwe zikuluzikulu ndi ziwiri: chingwe chokwezera thanga, ndi chingwe chowongolera thanga chimene chimakhala m'manja mwa woyendetsa. Omasulira ambiri amagwa apa, chifukwa chingwe chachiwirichi m'Chingerezi amachitcha sheet, ndiye iwo amalemba nsalu. Sheet ndi chingwe. Pa boti laling'ono chingwe chimenechi sichimangidwa mfundo yolimba, chimagwiridwa m'manja, kuti mphepo ikawomba mwadzidzidzi mukhwefule thanga litaye mphepo. Chikamangidwa, boti limapendekeka mpaka kumwa madzi.

Mbali za mphepo ndi ziwiri: kochokera mphepo ndi kolowera mphepo. Zimenezi zimasintha boti likakhota, pamene kumanzere ndi kumanja kwa boti sikusintha, choncho musazisakanize. Okwera amakhala mbali yochokera mphepo kuti alemeze kumeneko. Boti la thanga silingalunjike kochokera mphepo. Labwino kwambiri limayandikira mpaka madigiri pafupifupi 45, ndipo lopanda thabwa lotsikira pansi pa madzi, la thanga la matumba osoka, silifikako n'komwe, limangotsetsereka cham'mbali. Pofuna kupita kochokera mphepo timayenda mokhotakhota. Kukhota kuli pawiri, ndipo kabukuko kasiyanitse. Kukhota kodutsitsa mphepo kutsogolo kwa boti n'kofatsa: thanga limakupiza pang'ono kenako n'kudzaza mbali inayo. Kukhota kodutsitsa mphepo kumbuyo n'koopsa, chifukwa mtanda umawoloka boti mwamphamvu nthawi imodzi, umamenya mitu ndipo ungathe kugwetsa mlongoti. Musanakhote chotero kungani chingwe chowongolera kuti mtanda ubwere pakati, chenjezani kuti "weramani", mukatero khotani, kenako khwefulani.

Mphepo imatchedwa ndi kumene ikuchokera, osati kumene ikupita. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa ndipo umavuta kwambiri nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto umachokera kumpoto, nthawi ya mvula. Vuma ndi wa kum'mawa, zambwe wa kumadzulo. Ndiye "mphepo ya mwera" imakankhira boti chakumpoto. Wolemba "mphepo yopita kumwera" pomasulira chenjezo la a zanyengo watembenuza uthenga wonse. Pa Chilwa izi n'zofunika chifukwa nyanjayi ndi yosaya, m'malo ambiri mamita awiri kapena atatu okha, ndipo pamadzi osaya mafunde amakhala afupiafupi, oimirira, obwera motsatizana, boti lisanadzuke pa loyamba lachiwiri lafika.

Knot musamumasulire kuti mfundo. Ndi muyeso wa liwiro: knot imodzi ndi mtunda wa mamita 1,852 pa ola. Ola lili kale m'kati mwa liwulo, choncho "ma knot 10 pa ola" n'kulakwa. Lembani "ma knot 10", kapena kuposa apo sinthani mulembe "makilomita 18 ndi theka pa ola", poti ndi muyeso umene anthu akuudziwa.

Mawu akale alipo: tsigiro ndi chiwongolero, likulu ndi kutsogolo kwa ngalawa, makaliro ndi kumbuyo. Owerenga Baibulo lakale amawadziwa kuchokera pa nkhani ya kusweka kwa ngalawa ya Paulo. Ndi okoma, ndipo ndingakonde atasungidwa pa tsamba la matanthauzo, koma pa malangizo a ngozi lembani kutsogolo ndi kumbuyo.

Mlembi wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse. Latsala limodzi. Pa fomu yolembapo ngozi tinaika funso loti "Kodi boti linamira?" ndipo wina wati funsoli ndi losakwanira. Tilikonze bwanji?

Aphunzitsi a ku Domasi

Wanena zoona, achimwene. Kumira ndi chimodzi mwa zinthu zingapo, ndipo chilichonse chili ndi mneni wake ndi chifukwa chake. Boti likadzaza madzi koma likadaoneka pamwamba, ladzaza madzi, silinamire. La matabwa lopanda katundu wolemera nthawi zambiri limayandamabe, n'chifukwa chake anthu amalangizidwa kuligwiritsitsa m'malo mosambira kupita kugombe. Likagona chafufumimba, latembenuzika kapena lagubuduzika. Likapita pansi lonse, ndiye lamira. Likakhudza pansi n'kukanika kuyenda, latsama, ndipo likalowa m'matope latitimira. Pa Chilwa mawu awiri omalizawa adzagwira ntchito kawirikawiri madzi akamaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018, kapena m'tinjira ta m'njedza. Madzi olowera m'ming'alu ya matabwa ndiko kuchucha, ndipo mankhwala ake ndi kumata. Madzi olowera pamwamba ndi a mafunde kapena a kulemedwa, ndipo kumata sikungathandize. Fomuyo ifunse ziwirizi padera.

Samalaninso ndi misintho ya aneni, chifukwa imaloza wolakwa. "Boti linamira" sikutchula munthu. "Anamiza boti" kukunena kuti wina anachititsa. "Linatembenuzika" kumangonena zimene zinachitika, ndipo choyambitsa chimabwera ndi "chifukwa cha": linatembenuzika chifukwa cha mafunde. "Linatembenuzidwa" kumafuna wochita: linatembenuzidwa ndi boti lina. Mlembi wosasamala angathe kuika mlandu pa woyendetsa ndi kachidutswa kamodzi ka mneni.

Za munthu, "anamira" sikutanthauza kuti anamwalira, poti womira amatha kuvuulidwa ali moyo. Ikani mabokosi atatu: anagwera m'madzi, anavuulidwa ali moyo, anamwalira atamira. Funso la botilo likhale lotere: "Chinachitika n'chiyani ndi boti? Linachucha, linadzaza madzi, linatembenuzika, linamira, linatsama, kapena linagundana ndi lina?" Pansi pake musiye mzere wolembapo mphepo imene inkawomba, chiwerengero cha anthu amene anakwera, ndi katundu amene anapakiridwa.